Chulu Chimene Ndinatsala Pang'ono Kufufuta

Ndikupatsani moni nonse, abale ndi alongo mwa Ambuye. Amene anandilakwira ndi malume anga enieni, a Mbewe, omwe timakhala nawo mufulati ku Berea, kuchilendo kuno. Tsiku limene mlongo wanga Tadala anabwera akulira kuchokera ku mayeso a masamu a kuyunivesite, atasiya mafunso awiri osayankha, iwo anaseka. Anati akundiloza, "Magazi ake ndi omwewa. Uyu anathawa masamu ali Folomu 2, nawenso wayamba. Longedza, Disembala ukukwera basi ya ku Dedza, ukalime mbatata."

Ine mtima wanga ndi wapachala. Ndinanyamula mpando kuti ndiwamenye nawo, Tadala ndiye anandigwira mkono. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti za ine zija sananame.

Ndimakolopa pa yunivesite yomweyo, m'nyumba ya a masamu. Sabata yonse ndinkakolopa ndikupemphera, pemphero lake lokhala ngati ndewu. Tsiku lina ndinapeza pabolodi atajambula chinthu chonga chulu, manambala ali m'munsi mwake. Nditatenga kansanza kuti ndifufute, mayi wina wachikulire wophunzitsa masamu anakuwa, "Yima, bhuti!" (ndiye kuti achimwene, m'chilankhulo cha kuno). Ndinafunsa kuti chuluchi n'chachiyani. Anandiyang'ana kaye, kenako anakoka mpando.

Anati chulucho ndi malikisi a kalasi yonse. Okhoza kwambiri ndi ochepa, olephereratu ndi ochepanso, ambiri amaunjikana pakati. Koma chaka chimenecho mulu wapakatiwo unagwera pansi pa 50, ndi ana okhoza nthawi zonse omwe. "Akagwa mmodzi, timayang'ana mwanayo," anatero. "Akagwa onse pamalo amodzi, timayang'ana dzenje limene takumba ife." Mayesowo anatalika kuposa nthawi yake, ndiye aphunzitsi anakhala pansi n'kugwirizana zokweza malikisi a aliyense mwa lamulo limodzi.

Ndinati, "Mayi, si chinyengo chimenecho?" Anaseka. "Chinyengo n'kukweza mmodzi." Nditatsegula pakamwa kuti nditchule Tadala, anakweza dzanja. "Usanditchulire dzina la munthu. Ine ndimaona nambala basi." Ndinachita manyazi, komabe ndinapitiriza kufunsa. Nanga wa 20 amapulumuka? Ayi. Nanga mayeso akaphweka kwambiri, mumatsitsa? Anati zimachitika. Ndinafunsa mpaka pamalo pamene ndinakolopa paja panauma.

Zotsatira zitatuluka, Tadala anapeza 53. Sindinamupemphere chifundo kwa munthu aliyense, Mulungu anali atayamba kale kugwira ntchito m'chipinda chimene ine ndinkangosesamo. Ndikumuyamika. Inu amene mukulira lero, musafulumire kulongedza katundu, pempheranibe.

Malume ataona pepala anati, "Mwawadyetsa chiyani aphunzitsiwo?" Ndinauyang'ana mpando uja, koma ulendo uno ndinaukoka n'kuwaikira. Ndinatenga cholembera, ndinajambula chulu kuseri kwa kalendala, n'kuwauza kuti, "Khalani pansi, malume. Wothawa masamu uja akuphunzitseni masamu lero. Ndipo Tadala basi ija sakwera."