Mkodzo wa Batani

A telala ena achikulire anabwereranso kwa dokotala wa ziweto atanyamula mphaka wawo, Batani, m'katoni. Mphakayu anali wa malemu akazi awo, ndipo ngakhale analandira mapiritsi, ankalirabe akamakodza.

"Mkodzo munabweretsa uja tauyeza, bambo," anatero adokotala, mayi wovala magalasi amene nthabwala zinkangowadutsa. "Muli tizilombo. Tsopano tikufuna tione ngati tikumva mankhwala."

"Batani amamva," a telala anayankha atagwira katoni mwamphamvu. "Ndikamuitana amabwera."

"Sindikunena mphaka. Ndikunena tizilomboto."

"Tili ndi makutu?"

"Tilibe."

"Nanga timva bwanji?"

Adokotala anakonza magalasi. "Tatiika m'kambale, tikutidyetsa kuti tichulukane."

"Aaa, mukutidyetsa? Ine ndinabwera kuti mutiphe, inu mwayamba kutiweta?"

"Tikachuluka timatidonthezera mankhwala osiyanasiyana. Amene atiphe ndi amene tim'patse Batani."

"Ndiye tizilombo tiyambe kulandira mankhwala, mphaka wanga akudikira? Tinafika liti pamzere?"

"Pamzere panalibe tizilombo, bambo. Panali inu ndi mayi uja anabwera ndi galu."

A telala anapukusa mutu, n'kusuzumira m'katoni ngati akufuna mboni. Batani anangoyang'ana kumbali.

"Chinanso," adokotala anapitiriza, "tinayeza kuchuluka kwa mankhwala mumkodzo. Mapiritsi aja impso zikawasefa amakathera m'chikhodzodzo, moti amachuluka kumeneko kuposa m'magazi."

"Ndiye kuti akungowakodza? Kumwa uku, kutaya uku?"

"N'zabwino zimenezo. Tizilombo tili komweko, mankhwala amatipeza pakhomo."

"Basitu, tisavutike. Ndizingotapa mkodzowo n'kumumwetsanso."

"Musatero."

"Ndimangonena."

"Musanenenso, wina angamve n'kukachita. Komanso sizingathandize, chifukwa mumkodzo wa Batani mulibe mankhwala ngakhale kadontho."

"Makina anu ndi akufa," a telala anatero mosachedwa. "Makina ndimawadziwa ine. Akasowa mafuta amasoka zokhota."

"Athu sathiridwa mafuta, ndipo sasoka. Mapiritsi aja anatha?"

"Onse. Lam'mawa, lamadzulo, osaphonya."

"Mumam'mwetsa bwanji?"

"Mwaulemu. Mayi akunyumba sanam'kakamizepo kanthu mphakayu, ine ndiyambe lero? Ndimakhala naye pansi pafupi ndi makina, ndimamuonetsa piritsi. Akatembenuza khosi ndimati taona iwe, n'kumeza ineyo kuti adziwe kuti si poizoni."

"Kenako mumam'patsa lake?"

"Lake ndi lomwelo. Munati limodzi pa nthawi, sichoncho?"

Adokotala anavula magalasi, n'kuwaika pathebulo pang'onopang'ono. "Ndinati limodzi, inde. Sindinanene kuti womeza akhale ndani. Kuyambira lero ndizinena."

"Mwaona? Ndiye musamanamizire mphaka."

"M'mimba simukumva kupotokola? Zidzolo?"

"Ine ndili gwa."

"Mukadutsebe kuchipatala cha anthu, mukawauze zimene mwamwa. Batani ndimubaya jakisoni pompano. Kambale kaja kakatiuza mankhwala oyenera, ndidzakupatsani amadzimadzi, ndipo ndidzakuonetsani kagwiridwe ka pakamwa pake."

A telala anatsegula katoni, n'kum'sisita mphakayo pamutu ndi chala. Mawu anatsika. "Achira koma? M'nyumba muja tatsala awiri."

"Achira, bambo. Bola azimwa yekha."

Jakisoni analowa, Batani analira kamodzi basi. A telala anam'bwezera m'katoni, anathokoza, koma atafika pakhomo anatembenuka.

"Komatu adokotala, mapiritsi aja musawanyoze. Chiyambireni kumwa, ine sindinalirepo pokodza."