Nkhama za mkwatibwi

Anzanga imvani izi kkkkk! Tili pa depoti ku Mbour, basi ya ku Joal sikudzaza. Mtsikana wina watseka pakamwa ndi mpango, pambali pake pali mayi wa ndowa ya ndere zofiira za m'nyanja.

"Mwanawe, ndi dzino?"

"Ayi mayi, ndinatemetsa nkhama ndi singano dzana kuti zide, mano aziwala. Ukwati ndi Loweruka koma kumwetulira sindikutha."

"Pokubaya singanozo unalira?"

"Olo pang'ono."

"Ndiwe mkazi! Tenga nderezi uwiritse, usefe, madziwo azizire mpaka agwirane, uzipaka. Ine zinandipoletsa. Nkhamazo zikatupabe Lachinayi, thamangira kuchipatala."

"Iii, zikununkhatu nsomba!"

"Mwamunayo amatani?"

"Waly? Ndi msodzi."

"Ndiye adzangomva ngati wafika kwawo! Taganiza, ng'oma zikulira, kamphepo kakuchokera kunyanja, iwe n'kusekerera pang'ono, mano mbee ngati mwezi pamadzi. Wanga atandiona anaiwala dzina lake."

"Amakuyang'ananibe choncho?"

"Nyanja inamutenga kalekale. Ukuyesa m'mawa uliwonse ndimalowa m'madzimo kufuna ndere zokha? Ndimakamusekerera."

Mtsikana uja anachotsa mpango pakamwa n'kuutambasula.

"Ikani muno, mayi."