Thumba la Pamimba Likhale

Pamzere wolandirira mankhwala, mayi wogulitsa nsalu anangoti kukamwa yasa, maso ali pamalaya a bambo amene anaima patsogolo pake.

"Mwati mumadzithandizira m'thumba la pamimba?"

"Eya, mayi. Matumbo aakulu anachotsa. Kathumba kamene anandisokera m'kati kanayamba kutupa, ndiye anaboola apa."

"Koma adzatseka, eti?"

"Adokotala anati ndisankhe, adzatseke m'katimo mukapola, kapena thumbali likhale mpaka kalekale. Ndinati likhale."

"Mwadala? Abale inu. Nanga akazi anu akuti chiyani?"

"Ndi amene amandimatira. Mayi, asanaboole ndinkangokhalira kuthamanga. Mwana wanga woyamba akukwatiwa, nthungululu ndinazimvera m'chimbudzi cha kutchalitchi. Mng'ono wake akukwatiwa chaka chino. Ameneyo ndikamuperekeza ndekha mpaka kuguwa."