Magazi Anga Anandiletsa Ulendo wa ku Nakonde

Abusa, moni. Abale ndi alongo a muno m'Chawama, landirani moni m'dzina la Yesu. Ndaimirira kuti ndichitire umboni, koma mundipirire, ndizilankhula mopumira.

Mumandidziwa, ndimagulitsa nsapato, ndimakaoda ku Nakonde. Ifetu basi ikaima sititsika. Thumba lina kumapazi, lina pamiyendo. Madzi sitimwa, kuopa chimbudzi, ungabwereko n'kupeza katundu ali ndi mwini wina. Ulendo wonse miyendo ili chipindire. Amake Tisa apo akuseka, amadziwa.

Nditabwera ulendo womaliza, mwendo uwu unatupa, katumba kuwawa. Ndinati n'kutopa. Kenaka mpweya. Kungochoka pakhomo kufika pampopi, wefuwefu ngati wandithamangitsa galu. Ndikakoka mpweya, m'chifuwa kubaya. Kukiliniki anayeza makhololo, TB palibe. Malungo palibe. Kuchipatala chachikulu anajambula chifuwa, choyera. Ine mumtima: ndili bwino, mawa ndikunyamuka.

Koma dokotala wina wamkazi anayang'ana mwendo uja, nandifunsa za maulendo anga. Akuti, "Ba mami, tiyeni tipime magazi. Magazi yakagwilana mu thupi yamasiya chizindikilo. Chikankhala pansi, muzayenda ku nyumba. Chikakwela, tizayangana mapapo na makina."

Ine kukana, abale, kukana. Tikiti ndinali nditagula kale. Mwana wanga wamkazi, uyo wabisa nkhope uko, anandilanda chikwama. "Mami, simuyenda kulikonse."

Chizindikiro chija chinakwera. Anandiuza kuti magazi okha sagamula, amangoloza poyang'ana. Anandilowetsa m'makina aja, ndipo anapeza: magazi oundana chifukwa chokhalitsa m'basi achoka kumwendo, akatseka njira m'mapapo. Apo ndiye ndinachita mantha. Ndinafunsa kuti, ndikanakwera basi zikanatha bwanji? Dokotala anangoyang'ana mwana wanga.

Anandigoneka, anandibaya majekeseni, pano ndikumwa mapiritsi oletsa magazi kuundana. Mtima wakhala pansi, abale, wakhala pansi. Ana anga akadali ndi mayi.

Azimayi anzanga a pamsewu, tsikani, wongolani miyendo, imwani madzi. Katundu musungirane.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaika funso pakamwa pa dokotala uja, naika makani mwa mwana wanga. Kondwerani nane. Nyimbo sindingaiyambe, mpweya ukadali wochepa. Iyambeni inu, muiimbe mokweza, ine ndiziomba m'manja.