Nsalu Yogwa Kumwamba

Pa siteji ya basi ku Inchope, nkhondo itangotha, mayi wina wachikulire anakhala pafupi ndi bambo wa mwendo umodzi. Maso a bamboyo sankachoka pa nsalu yoterera imene inakulunga phukusi la mayiyo.

"Amayi, nsaluyo ndi ya parachuti. Munaitenga kuti?"

"Inakodwa mumtengo kumunda kwanga, ku Maringue. Mwaidziwa bwanji?"

"Zigawenga zinandigwira kuti ndizisenza mabokosi amene ankatsika ndi nsalu zimenezo. Ndege zakunja zinkangoponya mfuti n'kubwerera kwawo. Eni ake sanapondepo dothi lathu."

"Ankaopa kudetsa nsapato."

"Eetu. Zawo zikadali zoyera, pomwe ine ndimagula imodzi."

"Ndiye kapena munamuona mwana wanga Anselmo, wamtali, wachibwibwi. Anamutenga tsiku lomwe nsaluyi inagwa. Ndayenda misasa inayi ya asilikali otula zida, sindikumupeza."

Bamboyo anayamba kukanda pansi ndi ndodo yake.

"Tinalipo ambiri, amayi."

"Sindinafunse kuti munalipo angati, bambo."

"Wachibwibwi uja anatupa mapazi tsiku lachitatu, mpaka kulephera kuyenda. Anamuwombera pomwepo, bokosi lake n'kundisenzetsa ine."

"Munamukwirira?"

"Sankatilola kuima."

Mayiyo anamasula phukusi lija, nakhuthulira zovala pamiyendo pake, n'kupinda nsaluyo mosamala.

"Malowo mungawakumbukire?"

"Pali mlambe wong'ambika pakati, tsidya la mtsinje."

"Ndiye dzukani, mundiperekeze. Nsaluyi ndi yaikulu, mafupa ake akwanamo onse."