Nsomba za a Ilarie sizidyedwa

Pamzere wogula nsomba mumsika wa mumzinda wa Tulcea, amayi awiri osadziwana anatsamira khoma, miyendo italema.

"Mayi, zala zanuzo zachekeka ndi chiyani?"

"Nsomba, anzanga. Amuna anga, a Ilarie, sachoka kumtsinje. Ine ndiye wochotsa minga, kupukuta minofu, kulonga m'majumbo, makina otsekera majumbowo n'kumayamwa mpweya tsiku lonse. Firiji yadzaza, ngakhale mwendo wa nkhuku ulibe pogona."

"Nanga pamzere pano mukutani?"

"Ndigule ndiwo zamadzulo."

"Iii! Zam'firijizo bwanji?"

"Amakaniza. Akuti tikang'amba jumbo n'kudya, alendo akabwera awaonetsa chiyani?"

"Pepani. Anga amawedzanso, koma sagwira ngakhale kamodzi."

"Inu ndiye munakwatiwa bwino, mayi. Tasunthani, mzere wayenda."