Majombo Obwereka a ku Kanyama

Okondedwa omvera, ine ndine mayi wa ku Mchinji, ndimagulitsa nsapato za azimayi. Mvula ili pakati ndinapita ku Lusaka ndi chikwama chodzaza, nditamva kuti ku komboni ya Kanyama malonda amayenda.

Nditatsika minibasi ndinangoti kakasi. Msewu wopita kumsika unali dziwe lenileni. Pambali panali mayi wina atayala majombo pathumba, aakulu ndi aang'ono, onse akale.

"Bamayo, muyenda kuti na nsapato izo?" anandifunsa. "Valani majombo. Sitigulitsa, tibwereketsa chabe."

Ndinadabwa. "Nanga ndikathawa nawo?"

Anaseka n'kuloza kutsidya. "Mwamuona uja wa chitenge chofiira? Ni mng'ono wanga. Azakuvulani, apase wina wobwera kuno."

Ndinalipira, n'kuvala, n'kuwoloka nsapato zanga zili m'manja. Majombowo anali ofunda, kusonyeza kuti wina wangowavula kumene. Kutsidya mng'ono uja anandipatsa mpando ndi kansalu kopukutira mapazi. Chidwi chitandigwira, ndinamufunsa kuti nanga chilimwe amadya chiyani.

"Tipukuta fumbi ku nsapato za bantu boyenda ku tauni," anatero. "Kanyama sigona, bamayo. Ngati si manzi, ni fumbi."

Tsiku lonselo ndinakhala mumsika ndikungoyang'ana mapazi a anthu: majombo, mapatapata, ena osavala n'komwe. Nsapato zanga zogulitsa zija, za zidendene zazitali, zinabwerera kwathu momwe zinapitira.

Anzanga amalonda, ine ndinafunsa mitengo, ndinafunsanso za pa boda, koma ndinaiwala kufunsa kuti anthu akumeneko amaponda pati.